Alembi a Mabuku a ku Malota ndi Ntchito Yawo

Mlembi wa nthano zazitali ku Malota, komboni ina ya mumzinda wa Livingstone, ndi munthu amene buku lake latsopano limadziwika ndi aliyense kupatula osindikiza. Alembi otere amakumana madzulo pa benchi kuseri kwa kantemba, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kukambirana za mabuku amene atsala pang'ono kutha. Mwini danga lino ndi mmodzi mwa akuluakulu a gululi. Buku lake lili ndi mutu, mawu othokoza mayi a kunyumba, komanso chithunzi cha pachikuto chomwe adajambulitsa atavala jekete yobwereka. Chomwe chikusowa ndi nkhani yokha.

Macheza amayamba ndi mayina. Amatchula Dominic Mulaisho, amene buku lake The Tongue of the Dumb lidatuluka mu 1971, ndi Julius Chongo, amene nthano zake za Poceza M'madzulo zinkakhazika makomo onse chete pa wailesi. Koma dzina lowawa ndi la Namwali Serpell. Buku lake la mu 2019, The Old Drift, limayambira konkuno, pa doko lakale la m'mbali mwa Zambezi pomwe malungo ankapulula azungu oyamba asanasamukire kumtunda kuno. Lili ndi masamba oposa 500, ndipo mu 2020 lidapata mphoto ya Arthur C. Clarke. A pa benchi onse amagwirizana kuti ganizo limeneli anali nalo kale, kungoti mayiyo adawaphangira. Amene adaliwerenga mpaka kumapeto sanapezekebe.

Pa za luso, lamulo ndi lakuti anthu a m'nkhani atengedwe pafupi. Choncho woipa mtima amakhala landilodi, dzina lake atangolisintha chilembo chimodzi. M'mutu woyamba amabwera m'mamawa kudzatolera lendi, m'mutu wachiwiri amapondedwa ndi njovu yothawa m'paki ya Mosi-oa-Tunya. Apa mpomwe pagona vuto lalikulu la zolembalemba za ku Malota: landilodi akangofa, mtima wa mlembi umakhala m'malo, ndipo sapezanso chifukwa chopitirizira. Mwini danga lino adamupha kale wakeyo kangapo, koma mkuluyo pa mapeto a mwezi amagogoda ndithu.

Zina zimene amati zimatsekereza luso ndi kutentha kwa Okutobala, kuzima kwa magetsi, ndi ana amene amang'amba makope.

Kafalitsidwe ka mabukuwa kali m'manja mwa azimayi. Masamba amene bambo adalemba usiku, mayi amakakulungira vitumbuwa ku msika wa Maramba, ndipo mwa njira imeneyi mutu woyamba wa mwini danga lino udafika m'makomo ambiri ndithu. Owerenga amangodandaula kuti mafuta amafufuta mawu pomwe nkhani yayamba kukoma, ndipo kuti tsamba lotsatira limapezeka pokhapokha munthu atagulanso vitumbuwa vina.