Ndinagwera m'dzenje limene linamanga mzinda

Ku Nampula anthu anandilangiza kuti ndigone, ndinyamuke m'mawa, koma ine ndinakwera minibasi dzuwa litapendeka kale. Mtima unali utatsogola kunyanja. Kwa zaka zambiri ndinkasunga chithunzi cha katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte, kamene Apwitikizi anamanga mu 1522 pansonga ya chilumba cha Ilha de Moçambique, ndipo ndinkafunitsitsa kukagwira khoma lake ndi manja anga. Inali nyengo ya mvula. Pamene timawoloka mlatho wautali makilomita oposa 3, wopapatiza moti galimoto zimadikirana kuti zipatukane, kunja kunali kutada bii, ndipo magetsi pachilumba anali atazima.

Mnyamata wina amene ndinamufunsa za malo ogona otsika mtengo anandilozera nyali imene inkaoneka patsogolo pang'ono, nati ndi pomwepo. Nyaliyo inkaoneka ili pansi kwambiri, koma sindinadzifunse chifukwa chake. Ndinakoleka chikwama, n'kuponda kumbali kwa msewu ndikuyesa kuti pali njira. Panalibe nthaka. Ndinagubuduka pamasitepe a miyala mpaka pansi, phazi lamanzere n'kubinyika, foni n'kugwera m'matope. Nditayang'ana kumwamba ndinaona kuti msewu umene ndinachokapo uli mofanana ndi madenga a nyumba.

Anandinyamula ndi anyamata awiri, n'kukandikhazika pakhonde la mayi wina wachikulire. Chipwitikizi changa n'choperewera, koma Chilomwe chimene ndinatola kwa agogo ku Phalombe chinkagwirana pang'ono ndi Chimakhuwa chawo, moti tinkamvana ndithu. Mayiwo anandithowa phazi ndi madzi otentha, nati: "Mwana wanga, kuno mlendo sayenda usiku. Ife tili pansi." Anandipatsa chipinda cha mwana wawo, ndipo m'menemo ndi m'mene ndinathera pafupifupi ulendo wanga wonse.

Chilumbachi n'chachitali pafupifupi makilomita 3, ndipo m'lifupi sichipitirira theka la kilomita, koma chili ndi mizinda iwiri. Kumpoto kuli mzinda wa miyala ndi njereza: linga la São Sebastião limene anayamba kumanga mu 1558, nyumba ya abwanamkubwa ya São Paulo imene poyamba inali sukulu ya ansembe a Chijezuwiti, matchalitchi, ndi nyumba za amalonda za makoma ochindikala. Kumeneko n'kumene kunali likulu la dziko la Mozambique kufikira mu 1898, pamene linasamukira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Kumwera kuli Macuti, mzinda wa nyumba zofolera ndi masamba a kokonati olukidwa, kumene kumakhala anthu ambiri a pachilumbachi. Zonsezi ndinali nditawerenga kale. Chimene mabuku anga anangochitchula modutsa, ndipo ine sindinachisamale, n'chakuti mbali zina za Macuti zili m'maenje, ndipo maenjewo anakumbidwa ndi anthu.

Mwala wa korali umene unamanga mzinda wa kumpoto unkaphwanyidwa konkuno kumwera, ndi manja a akapolo ndi antchito wamba. Mzinda wa mabwana unkakwera, nthaka ya kuno n'kumatsika. Pambuyo pake boma la atsamunda linaletsa nyumba zofolera ndi masamba kumpoto kuja, ndipo anthu akuda anakankhidwira m'malo omwe anakumbamo miyala. Kwathu munthu akaumba njerwa, nkhuti yotsalayo timatayamo zinyalala. Palibe amene amagonekamo ana ake. Kuno munakhala mudzi wathunthu, ndipo pa nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992 othawa kumtunda anadzaza malo onse amene anali atatsala.

Usiku wina mvula inabwera yamphamvu, ndipo ndinamva ndi thupi langa tanthauzo la kukhala pansi pa msewu. Madzi onse ochokera kumtunda ankatsikira kwa ife, ndipo analibe kotulukira. Ndinadzidzimuka nditamva chikwama chikugunda mwendo wa bedi, chikuyandama. Kabuku kanga kamene ndinkalembamo za nyumba zakale kanasanduka phala, pasipoti inafufuma, ndalama za mametikali zinamatana. Anthu a m'nyumbamo sanachite mantha. Ana ananyamula mphasa ndi thumba la ufa n'kuziika pathebulo, mayi aja anatenga chidebe n'kuyamba kukapa madzi pakhomo, ndipo ine ndinangokhala pabedi, miyendo nditaipinda, wopanda chothandiza chilichonse. Ndinamva chisoni chachikulu kuti anthu amene anali ndi ntchito yochuluka chotero ankacheukabe kundifunsa ngati phazi likupweteka.

Phazi litayamba kulola, mwana wawo ananditenga panjinga yamoto kuti ndikaoneko kumpoto. Tinadutsa mzikiti waukulu wobiriwira, tinadutsa chipatala chakale cha m'ma 1870 cha mizati yoyera, ndipo pomwepo nthaka inafanananso ndi msewu. Misewu ya kumeneko ili ndi mthunzi, mphepo ya kunyanja imalowa bwino. Ananditengera m'nyumba ina ya miyala n'kundionetsa denga lafulati, limene limasonkhanitsa madzi a mvula n'kuwatsitsira m'chitsime chomangidwa pansi pa bwalo. Linga nalonso lili ndi zitsime zotere. Ndi luso lenileni, pakuti pachilumba chopanda mtsinje madzi akumwa ndiwo moyo, ndipo linga limenelo linapirira pamene Adatchi analizinga mu 1607 ndi mu 1608. Ndinalisirira lusolo ndi mtima wonse. Koma mvula imene amisiri aja anaikonzera njira ndi posungira kumpoto ndi yomweyo imene inatigoneka tili tsonga kumwera, mtunda wa mphindi zochepa panjinga.

Katchalitchi kanga kali kuseri kwa linga, ndipo kuti ukafikeko umayenera kudutsa bwalo lonse la m'kati wapansi. Ndinayesa, nditatsamira paphewa la mnyamatayo, koma phazi linatupanso tisanafike pakati. Tinabwerera. Sindinakaone ngakhale denga lake.

Bungwe la UNESCO linaika chilumba chonsechi pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa mu 1991, Macuti ali momwemo, ndipo ofuna kusunga mbiri amakonda kuti madenga a masamba asachoke. Ndikumvetsa, chifukwa m'nyumba ya denga lotero mumazizira bwino masana, ndipo luso loluka silipezeka paliponse. Tsiku lonyamuka ndinawauza mayi aja zimenezi, ndikuloza denga lawo ndi kuliyamikira. Iwo anali akuyanika pasipoti yanga pafupi ndi mbaula, tsamba ndi tsamba. Anati masambawo akwera mtengo, sachedwa kuola, ndipo mphepo yamkuntho ikabwera amayamba kuuluka ndi iwowo.

"Ndikapeza ndalama, mwana wanga, ndiyamba ndakweza pansipa ndi simenti," anatero. "Zikatsala, ndigula malata."