Wopalasa Wopanda Bwato

Pa zithaphwi zambiri za m'dambo, madzi akadikha, pansi pamakhala kachilombo kotuwa kothamanga modukizadukiza. Miyendo yake yakumbuyo ndi yaitali, yaubweya m'mbali, ndipo kamaiponya ngati nkhafi. Akatswiri amakaika m'banja la Corixidae, lomwe lili ndi mitundu pafupifupi 500 yomwazikana dziko lonse lapansi, ina mpaka m'madzi amchere. Nkhafi zilipo, wopalasa alipo, koma bwato ndi mwini wake yemweyo.

*

Aphunzitsi ena opuma pantchito anaimitsa bawo tsiku lina ndi nkhani ya ku Ulaya. Anati mu 2011 katswiri wa ku Paris, Jérôme Sueur, ndi anzake a ku Glasgow anafalitsa zomwe anapeza atatchera maikolofoni m'madzi kuti amve kuimba kwa mtundu wina wotchedwa Micronecta scholtzi. Kutalika kwake ndi mamilimita awiri basi, koma mawu ake anafika madesibelo 99.2. Poyerekeza ndi msinkhu, palibe nyama yodziwika yaphokoso kuposa kameneka. Phokosolo likamatuluka m'madzi pafupifupi lonse limatayika, komabe munthu ali pagombe amakamva.

"Kamaimba ndi pakamwa?" anafunsa agogo ena, mikanda ya bawo ili m'manja.

Aphunzitsi anayang'ana uku ndi uku ngati pali ana. "Ayi, agogo. Koimba ndi kakamuna kokha. Kamakhutiza chida chake cha ubambo pa timizere ta pamimba."

Pabwalo panati zii.

"Ndiye akazi amabwera?"

"Amabwera. Ofufuzawo akuganiza kuti ndi mpikisano, aliyense afuna kuphimba mawu a mnzake."

Agogo anapukusa mutu. "Ine kugulitsa mbuzi ziwiri kuti ndigule wailesi yokopera malemu akazi anga!"

Mayi wogulitsa zitumbuwa, amene aliyense ankayesa kuti sakumva, anayankhira chapansipansi uku akubweza chenji: "Mamilimita awiri, phokoso mpaka kumtunda. Ameneyo ndikumudziwa."

*

Kachilomboka kamakhala m'madzi koma kamapuma mpweya ngati ife. Kakafika pamwamba kamanyamula thovu la mpweya pansi pa mapiko ndi pamimba, n'kumira nalo. Vuto lake thovulo limakapepula, choncho pansi pamadzi kamayenera kugwirira udzu kapena kamwala ndi miyendo yapakati. Kakangotayilira, kabwerera pamwamba kosafuna.

Mphunzitsi wa sitandade 7 atafotokoza zimenezi, mtsikana wina anakweza mkono.

"Madamu, ndiye kakasinza n'kutaya udzuwo?"

"Kadzidzimukira pamalo pomwe sikanagone."

"Amalume anga alinso ndi vuto lomwelo Loweruka lililonse."

*

Kali ndi mapiko, ndipo kamauluka ndithu, makamaka pofunafuna dziwe latsopano lakale likayamba kuphwa. Madzi kamawazindikira ndi kunyezimira kwake, ndiye chilichonse chosalala, chakuda, chonyezimira chimakapusitsa.

Mnyamata wina wa m'tauni anabwereka galimoto yakuda popita kukaonekera kwa apongozi. Anaipukuta mpaka munthu kumadziona nkhope pachitseko, n'kukaiimika pansukulu yoyandikana ndi dambo. Chakumadzulo anamva tha! tha! tha! padenga. Kuyang'ana kumwamba, mtambo palibe. Padenga pa galimoto tizilombo tili mbwee, tikupalasa pachitsulo.

"Madala, chimenechi n'chiyani? Wina wanditumira?"

Mlonda anawalitsa tochi. "Palibe wakutumirani, bwana. Mwapukuta mopitiriza. Tikuyesa dziwe."

"Galimoto imeneyi dziwe?"

"Muzingoyamika kuti achule sauluka, bwana."

*

Kali ndi msuweni wake woipa mtima wa banja la Notonectidae. Ameneyo amasambira chagada, amasaka tizilombo tinzake ndi ana a achule, ndipo ukamugwira amabaya mowawa. Wopalasa wathuyu amasambira chafufumimba, ndipo mitundu yake yambiri imangokokola ndere ndi zinyalala zapansi ndi timiyendo takutsogolo. Koma mbiri yoipa amagawana.

Mnyamata wina atabayidwa chala akuwedza ndi chitenje cha amayi ake, anagwira kachilombo koyamba kukaona n'kukaphwanya pamwala. Anapita nako kwa amalume ake.

"Kamasambira bwanji, mphwanga?"

"Msana kumwamba, amalume."

"Wapha wosalakwa. Wokubayayo akukuseka ali chagada. Zikanakhala za anthu, nkhuku ikanapita kwa amfumu."

*

Ku Mexico tizilomboti ndi ndiwo kuyambira nthawi ya Aaziteki. Pa nyanja ya Texcoco anthu amamiza mitolo ya udzu m'madzi, tizilombo n'kuikirapo mazira ankhaninkhani. Kenako amavuula mitoloyo, kuiyanika, n'kupukusa mazirawo. Amawatcha ahuautle, ndipo amawakazinga atawasakaniza ndi mazira a nkhuku. Popeza nyanjayo inaphwa kwambiri, masiku ano ndi chakudya chosowa komanso chodula.

Mlamu wanga wa kunyanja atamva zimenezi anachita tsinya. "Mazira a tizilombo? Anthu ena sasankha ndiwo, alamu." Pamene ankanena izi n'kuti akunyema chibumu cha nkhungu, ija imatuluka m'nyanja ngati utsi.

Atamva za mtengo, tsinya lija linasungunuka.

"Kodi kuno tiliko?"

Tiliko. Amene ankalondola kuphwa kwa nyanja ya Chilwa cha m'ma 1968 anapeza kuti mtundu wa Micronecta scutellaris unapirira madzi atasanduka amchere ndi matope, zamoyo zina zambiri zapansi pa nyanja zitatha.

Mlamu anayamba kuwerenga zala. Udzu ndi waulere. Madzi ndi aulere. Antchito sadya, salipidwa, ndipo amadziimbira okha. Anaitana akazi ake.

"Mayi a ana, chikwakwa chija chili kuti? Tikuyamba bizinesi ya mazira."

Achemwali anga sanatembenuke n'komwe pa mtondo. "Bambo a ana, mazira a nkhuku zanu zitatu, oti amaoneka ndi maso, amayamba kuwapeza ndi galu."