Ulemu kwa a Backlog

Mafumu amatamandidwa, oimba amawomberedwa m'manja, koma palibe amene amayamika a Backlog, mndandanda uja wa ntchito zodikira umene opanga mapulogalamu a kompyuta amausunga. Lero ndiwatamande ine.

A Backlog sabweza munthu pakhomo. Mlangizi wa zaumoyo kuno ku Nkope akadandaula kuti pulogalamu ya pa foni yake imakana kusunga dzina la mwana netiweki ikathawa, anyamata a ku Lilongwe amene anapanga pulogalamuyo samukalipira ayi. Amamuyankha mwaulemu: "Taika mu backlog, mayi." Dandaulo limapatsidwa nambala yake mu Jira, pulogalamu yosungiramo backlog, ndipo aliyense amagona tulo tabwino. Osagona ndi mayiwo okha, amene amalemba sikelo ya ana m'kope pansi pa mtengo wa mango, madzulo n'kumakopera zonsezo mu foni, dzina ndi dzina, batire ili pafupi kutha. Koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu a Backlog, ndinu nkhokwe yosadziwa njala. Sprint iliyonse, gawo lija la ntchito la masabata awiri, anthu amatapa zapamwamba, makamaka ma graph okongola amene opereka thandizo amafuna kuona, zapansi n'kumakalamba mwamtendere.

Amuna 17 amene anakumana ku Snowbird, ku Utah, mu February 2001 n'kulemba mfundo za Agile ankafuna kuti opanga pulogalamu azigwira ntchito limodzi ndi mwini wake, azisintha zinthu msanga zikavuta. Anali asanakudziweni bwino. Inu mwapulumutsa anyamata athu ku ulendo wa ku Mangochi, ku kutentha kwa October kwa m'mbali mwa nyanja, ndi ku manyazi oona ndi maso awo pulogalamu yawo ikuzungulira osatseguka. Munthu avutikirenji kubwera ku Nkope pamene Nkope inalembedwa kale?

Awiri mwa amuna aja, Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland, anapereka mphindi 15 zokha za msonkhano wa tsiku ndi tsiku. Chifukwa cha inu, umatha msanga ndithu: wina akafunsa za netiweki, yankho ndi dzina lanu basi.

Pakutha pa sprint gulu limakhala pansi kuunika mmene ntchito yayendera. Onse amavomereza kuti mwanenepa kwambiri, muyenera kupungulidwa. Ntchito yokupungulaniyo amailemba bwinobwino, n'kuiika mu backlog.