M'kati Muli Nyerere, Alamu

Akuluakulu amene adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere sadaionepo kilt. Iwo ankanena za nkhuyu zija zimafiira mokopa pamtengo, koma ukang'amba imodzi n'kupeza tizilombo tili yakaliyakali. Mwambiwu takhala tikuchenjezera anyamata ofuna banja, anthu ogula galimoto pa intaneti, komanso ovota. Ine ndidaumvetsa bwino ku Salima, mwezi wa Disembala, pamene mchemwali wanga ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Glasgow.

Alamuwo adatsika ndege ku Lilongwe atavala kale chovala chawocho. Ndidayesa n'kunyadira mtundu. Ayi ndithu. Mchemwali wanga adali atadzaza masutikesi onse, lililonse makilo 23 ndendende, ndi mphatso za abale: nsapato za azakhali, mafoni awiri, mafuta odzola, zidole za ana amene sadabadwe n'komwe. Kilt itasowa malo, mwini wake adauzidwa kuti malo ake ndi m'chiuno. Adayenda nayo usiku wonse, ndipo pa bwalo la ndege lililonse makina ofufuza zitsulo ankalira chifukwa cha zomangira zake.

Kwa inu amene simudaigwirepo, musaiyerekeze ndi siketi ya yunifomu. Kilt yeniyeni ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa yotalika mayadi 8, ndiye kuti mamita opitirira 7, yopindidwapindidwa kumbuyo n'kusokedwa, kutsogolo mbali ziwiri n'kusanjikizana. Chitenje chathu ndi mamita 2. Tangoganizani kumanga zitenje zitatu ndi theka m'chiuno, chilichonse chochindikala ngati bulangete la kuchipatala. Matumba ilibe, choncho kutsogolo kumalendewera kachikwama kachikopa kotchedwa sporran. Kumiyendo kuli masokosi, a ubweyanso, ofika m'maondo, ndipo m'sokosi yakumanja amasomekamo kampeni kotchedwa sgian-dubh. Pa ukwati amaonjeza jekete yakuda ya mabatani asiliva ndi kajekete kam'kati kopanda manja. Nkhosa zimene zidavula kuti munthu mmodzi avale, sindidawerenge.

Kwawo zonsezi n'zanzeru. Kumapiri a ku Scotland kumagwa mvula yowaza yosatha, mphepo yake yolowa m'mafupa. Kholo la kilt lidali chinsalu chachikulu, feileadh mòr, chimene munthu ankavala masana n'kufunda usiku. Ndiye kuti chovalachi chidabadwa chili chofunda. Anthu a ku Glasgow, kukangoti kwacha bwino ngati m'mawa wa Meyi ku Dedza, amafuula kuti "taps aff", amuna n'kuvula malaya m'mapaki. Munthu wa mtundu umenewo ndi amene tidamukweza galimoto n'kutsetsereka naye makilomita pafupifupi 100 kulowera kunyanja, mvula itangogwa dzulo lake, dzuwa litabwereranso ndi mkwiyo. Chitungu cha ku Salima mumachidziwa. Thukuta silichoka pathupi, limangokhala pompo kudikira linzake.

Chichewa chimene alamu adaphunzira chidali chochepa koma chaulemu. Ndidawafunsa tikudutsa pa Chezi, "Alamu, muli bwanji kumbuyoko?"

"Ndili bwino, kaya inu."

Nkhope ili psuu ngati phwetekere wa pa Jenda.

Ndidawauza kuti ndili ndi kabudula wa khaki m'chikwama, akhoza kubwereka. Adakana mwaulemu. Apa m'pamene munthu uyenera kudziwa mbiri, apo ayi ungaganize kuti ndi misala chabe. Asilikali a boma atagonjetsa ankhondo a kumapiri aja pa Culloden mu 1746, boma la ku London lidaika lamulo loletsa amuna a kumeneko kuvala kilt, kupatula amene adali m'gulu la nkhondo la mfumu. Lamulolo lidakhala mpaka 1782. Chinthu akakuletsa zaka 36, ukachipezanso suchivula chifukwa cha dzuwa. Pofika 1822 ngakhale mfumu George IV, itapita kukacheza ku Edinburgh, idavala kilt, koma m'kati idabisamo zothina zamtundu wa pinki kuti miyendo yachifumu isaonekere. Nayonso idali ndi nyerere zake.

Kuchokera pamenepo a ku Scotland akhala akupita nacho chofundachi kulikonse kumene dzuwa limaotcha. Asilikali awo adamenya nacho nkhondo ku Lucknow, ku India, mu 1857. Ochemerera timu yawo ya mpira, odzitcha Tartan Army, adavina nacho ku Seville mu Juni 1982, David Narey atachinya Brazil, asadadziwe kuti alandira zigoli zinayi zobwezera. Ndipo mu 1997, Britain itatsala pang'ono kubweza Hong Kong kwa China, mphepo idakweza kilt ya msilikali wina wa gulu la Black Watch akutsitsa mbendera, wojambula ali tcheru, dziko lonse n'kuona m'kati mwa nkhuyu.

Nkhani ya m'katiyi ndiyo idavuta titafika kumudzi. Mwambo wawo umati mwamuna weniweni wa ku Scotland savala kanthu kunsi kwa kilt. Mchemwali wanga adali atauthetsa kale mwambowo ndi mawu awiri, ndipo adachita bwino, chifukwa ubweya, thukuta ndi ntchafu zikakumana pa chitungu, munthu amayenda ngati wachoka kujando dzulo. Koma agogo sankadziwa za chigamulocho. Adawayang'ana alamu kuyambira kumutu mpaka kumasokosi, n'kufunsa mosanong'ona, "Amuna angawa afika bwino, koma buluku lawo adalanda ndani panjira?"

Vuto lachiwiri lidali la ulemu. Mkamwini polonjera apongozi amanjuta. Kunjuta mu kilt ndi nkhani ina. Alamu adayamba kutsika pang'onopang'ono, maondo akutalikirana monga amachitira amuna, mayi anga n'kutembenukira kunkhokwe ngati aonako china chachilendo. Azakhali, amene adakula nthawi ya lamulo la 1973 lija loti siketi izibisa maondo, sadachedwe. Adavula chitenje chapamwamba n'kuwaponyera pamiyendo, monga amachitira ndi mtsikana wa m'tauni akabwera kumaliro. Alamu adati, "Zikomo kwambiri." Ankaganiza kuti ndi mphatso.

Ndidawakumbutsa kuti abale awo adaliyesapo kale dera lino. Amishoni a ku Scotland adamanga ku Cape Maclear mu 1875, malungo n'kuwasamutsira ku Bandawe mu 1881, ndipo pofika 1894 Robert Laws adali atakwera phiri kukakhala ku Khondowe, kumene kuli kamphepo. Anzawo adasankha kumtunda mu 1876, malowo n'kuwatcha Blantyre, dzina la kwawo kwa David Livingstone. Onsewo adathawa m'mbali mwa nyanja atavala mabuluku wamba. Alamu adaseka, n'kupukuta m'khosi ndi chitenje cha azakhali.

Tsiku la ukwati ndiye chikomekome chidafika pachimake. Ndinene zoona, munthuyo adaoneka bwino. Mabatani akunyezimira, mizere yobiriwira ndi yabuluu ikupingasana, mapindo akumbuyo akugwedezeka ngati zibiya za ovina ingoma. Ana adasiya kuthamangira galimoto ya akwati n'kumatsatira iye. Amayi adaimba nthungululu. Mafoni onse adaloza kumodzi, mpaka mkwatibwi adayamba kuyang'ana mwamuna wake ndi diso lija amayang'anira mnzake wovala zofanana naye.

Ine, poti ndidaima pambali pawo, ndinkaona nyerere. Thukuta linkatsika m'msana, n'kukaunjikana pa lamba, pamene nsaluyo yasanjikizana kwambiri. Masokosi adalemera. Pa mpando wa pulasitiki umene udakhalitsa padzuwa adangokhudzapo n'kudzuka ngati msilikali waona mkulu wake. Udzudzu, umene masiku onse umavutika kufunafuna polowera, udapeza khomo lotsekula usana ndi usiku. Ndipo aliyense wobwera kudzagwira chanza ankalandira yankho lomwelo: "Ndili bwino, kaya inu."

Akatswiri a zomera amati tizilombo tambiri ta m'nkhuyu si nyerere ayi, ndi timavu ting'onoting'ono timene timalowamo kukaikira mazira, ndipo potero timanyamula mungu umene umachititsa kuti mbewu za mkuyu zikhwime. Popanda timeneti mkuyu sungabereke mkuyu unzake. Ndidawafotokozera alamu zimenezi pa nthawi ya ulaliki, powalimbitsa mtima. Sadandiyankhe.

Koma pa perekaniperekani zinthu zidatembenuka. Woyendetsa mwambo ataitana akuchimuna, alamu adatsekula sporran ija, momwe mchemwali wanga adalongezamo ndalama zosinthasintha, n'kuyamba kuvina akuponya. Akazungulira, kilt inkatambasuka, mpweya n'kulowa. Akadumpha, mpweya wina. Ndidaona nkhope yawo ikubwerera mwakale. Ndipo pamenepo m'pamene ndidadziyang'ana ndekha.

Ndidavala suti yakuda ya zidutswa zitatu, ya nsalu ija yonyezimira yosalowa mphepo, tayi ili pakhosi ngati chingwe cha mbuzi, nsapato zosongoka zobwereka. Ankhoswe chimodzimodzi. Abusa adaonjezapo mkanjo. Amuna onse olemekezeka mu holo ya ukwatiwo tidali titadzitsekera m'matumba, kumwamba kothina, kunsi kothina, popanda ngakhale kazenera. Tidatengera kutali. Kamuzu, amene adaphunzira udokotala ku Edinburgh n'kukhala mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ankayendera mbewu m'minda atavala suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa chakuda, ndipo palibe adamufunsapo ngati akumva kutentha. Ife tidasunga sutiyo. Mzungu amene tinkamuseka tsiku lonse ndiye yekha adali ndi mazenera.

"Alamu, muli bwanji?" Ulendo uno adafunsa ndi iwo, akundiyang'ana malaya atamatirira pamimba.

"Ndili bwino, kaya inu," ndidatero.

Zithunzi zidazungulira pa WhatsApp usiku womwewo. Tonse awiri tikuoneka ngati nduna. Abale a ku Johannesburg adalemba kuti ukwati wake unali wapamwamba, a ku Glasgow adalemba kuti akusirira dzuwa.

M'mawa mwake ndidawapeza alamu pakhonde, atamanga chitenje cha azakhali m'chiuno, chifuwa chili pamtunda, akumwa thobwa. Azakhali adatuma mwana kawiri kukachitenga, mwanayo n'kubwerako ndi "zikomo kwambiri". Kilt idali pachingwe, chingwecho chitawerama mpaka kufuna kukhudza pansi. Agogo adali pomwepo, akuipapasa ndi manja onse awiri, kuitembenuza, kuyeza kuchindikala kwake ndi zala.

"Iwe," adandiitana, "tawafunse amuna angawa. Akasomola ulusiwu, bulangeti limeneli lingakwane pa bedi langa? Juni sali patali."