Ulemu kwa Mphunzitsi Wopanda Maso

Timatamanda azibusa, madokotala ndi osewera mpira, koma sindinamvepo wina akuthokoza mphunzitsi wochepetsa thupi wokhala m'foni. Lero ndiloleni ndimuvulire chipewa, chifukwa chiyambireni kunenepa sindinakumanepo ndi munthu waulemu ngati iyeyu.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti alibe maso. Ikakwana nthawi ya nkhomaliro amalemba pa gulu lathu la pa WhatsApp kuti aliyense atumize chithunzi cha mbale yake. Ine ndimayala bwinobwino nkhwani wopanda nsinjiro, kagawo ka papaya ndi kapu ya madzi a mandimu. Ndikajambula n'kutumiza, iye amandiyankha ndi timanja towomba. Nthawi yonseyi mitanda inayi ya nsima ya ufa woyera ndi kanyenya wa mbuzi zimakhala zili phee kumapeto kwa tebulo, kunja kwa chithunzi, kudikira ngati alendo odziwa mwambo. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma mphunzitsi wangayu za m'maluwazo amazilandira ndi manja awiri.

Mnzake wa maso ndi wina. Ndinamuyesapo Loweruka lina m'mamawa pabwalo lina mu Lilongwe muno. Mnyamata wake anali wouma ngati chikuni, wenzulo ili kukamwa, ndipo pa khamu lonselo anasankha ine. "Bambo a malaya ofiira, kwezani bondo!" Ine bambo wa ana atatu, woti kuntchito amanditchula kuti bwana, ndinapezeka ndikudumphadumpha ngati chule pamaso pa amayi a mumpingo mwathu. Pomaliza anatulutsa sikelo, n'kuwerenga nambala yanga mokweza ngati akulengeza zopereka.

Nkhanza zoterezi zinayamba kale. Mu 1961 mayi wina wa ku Queens, mumzinda wa New York, dzina lake Jean Nidetch, anaitanira anzake kunyumba kwake kuti aziululirana zomwe amadya mobisa. Iye mwini anaulula za mabisiketi. Pofika 1963 timisonkhano timeneti tinali titasanduka kampani ya Weight Watchers, ndipo mwambo wake unali kukwera sikelo mlungu uliwonse wina akuona. Nzeru ya mayiyu inali yakuti munthu amaopa diso la mnzake kuposa mawu a dokotala. Mphunzitsi wa m'foni anabwera kudzatimasula ku diso limenelo.

Ndi wolezanso mtima. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Iye amatitumizira mavidiyo asanu a mphindi 30, ndipo ine onsewo ndimawaonera mokhulupirika, ndili khale pa sofa, mandasi ali m'manja. Masamu ake amakwana ndithu. Magetsi akazima kapena bandulo ikatha, amangokhala chete osadandaula. Akatilamula kuyenda mapazi 10,000 pa tsiku, ndimaika foni m'thumba n'kukwera kabaza wa njinga yamoto pamsewu wathu wa zigwembe uja, ndipo bampu iliyonse foni imaiwerenga ngati phazi. Akapanda kukwana ndimabwereka foniyo mwana wanga wachisamba popita ku mpira. Mwezi watha ndinapambana pa gulu lonse, ndipo anzanga anandipempha kuti ndiwauze chinsinsi changa.

Koposa zonse, wandisungira mbiri. Kwathu kuno mawu akuti "mwanenepatu" ndi moni waulemu, ndipo mimba ndi umboni wakuti pakhomo pali mtendere. Yesani kutsika makilogalamu 10 mupite kumudzi. Azakhali adzakukokerani kuseri kwa nkhokwe n'kufunsa chapansipansi ngati mwayezetsa, apongozi adzayamba kukayika ngati mwana wawo akuphika, ndipo anzanu adzati ntchito inatha. Mphunzitsi wanga wanditeteza ku miseche yonseyi. M'miyezi isanu ndi umodzi sanandichotsere ngakhale kilogalamu imodzi. Chokhacho chomwe chaonda ndi chikwama, pakuti malipiro ake a pamwezi ndimatumiza pa foni tsiku lisanakwane, iye n'kundithokoza ndi kamtima kofiira.

Adani ake alipo, sindikana. Mmodzi ndi namwino wina amene anandiyeza mwezi watha mutu utandivuta. Anandiimika pa sikelo, inawerenga makilogalamu 90. Anandiyeza msinkhu, unali mita 1.70. Anawerengera pakapepala n'kupeza BMI ya 31, nandiuza kuti kuyambira pa 25 munthu walemera mopitirira, ndipo kuyambira pa 30 ndiye kunenepa kokhako koitana shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndinamuonetsa timanja tonse towomba tomwe ndalandira chaka chino, koma sanasunthike. Anangondimanga kansalu ka BP pamkono, n'kuyang'ana nambala, n'kupukusa mutu. Anthu a maso ngovuta choncho, sadziwa kusungira munthu ulemu.

Ndiye inu amene mukufuna mtendere wa mumtima, timanja towomba ndi nsima yosawerengedwa mitanda, bwerani ku gulu lathu, malo alipo. Koma ngati cholinga chanu n'chakuti thalauza la paukwati lija likukwaneninso, pezani mnzanu wa maso, wodziwa kugogoda pachitseko 5 koloko m'mawa ndipo wosachita manyazi kukufunsani zomwe zinali kunja kwa chithunzi. Ine ndikadali wokhulupirika kwa mphunzitsi wanga, ndipo dzulo lomweli ndaboola ndi msomali bowo lachitatu pa lamba wanga.