Walira Mbaula, Walira Phulusa

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ankanena za mlimi, koma mwambiwu unakwera ndege kalekale, pano uli ku England, wakhala phee pabalaza pafupi ndi mbaula ya nkhuni ya chitseko chagalasi.

Gasi ndi magetsi zitakwera mtengo mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itabuka, anthu ambiri kumeneko anathamangira mbaula zimenezi. Abale athu ena sanafune kutsalira. Munthu yemwe kwawo ankathawa utsi wa pamafuwa, n'kumati nkhuni ndi za amphawi, lero akutumiza zithunzi pa WhatsApp akuotha moto, miyendo atatambalala.

Matope amayamba moto usanayake n'komwe. Kugula mbaulayo, kuiika, ndi kulowetsa paipi m'chumuni, mapaundi masauzande apita. Ndiye pabwere nkhani ya nkhuni. Kwathu nkhuni timatola, uko amagula, ndipo nkhuni zake n'zokhoza mayeso. Kuyambira Meyi 2021, ku England saloledwa kugulitsa nkhuni zaziwisi zosakwana makiyubiki mita awiri. Chinyezi chisapose 20 peresenti, thumba likhale ndi chizindikiro cha Ready to Burn. Mukawapeza bambo a ndevu zawo akubaya chikuni ndi kachipangizo koyezera chinyezi, nkhope ili gwa, pamene agogo awo ankangogunditsa zikuni ziwiri n'kumva kaliridwe kake.

Zotchipa zilipo ndithu. Odula mitengo m'mayadi amatsatsa zipika zaziwisi pa Facebook, ena amagawa ulere bola mukasenze nokha. Koma muwaze, mupeze pouma poziunjika, kenako mudikire chaka kapena zaka ziwiri. Inu mukunjenjemera Januwale uno, nkhuni zanu zidzauma mwana wobadwa lero atayamba kale kuyenda ndi kutukwana.

Musayesenso kulowa m'nkhalango ndi chingwe ndi nkhata. Ngakhale nthambi yogwa yokha ili ndi mwini wake, ndipo kutola osapempha ndi kuba. Matabwa otayidwa nawo samalani: opaka penti, kapena mapaleti odindidwa MB, utsi wake ndi poizoni.

Utsi umenewu azungu sacheza nawo. Mu Disembala 1952 chiutsi chinakuta London n'kupha anthu masauzande, ndipo mu 1956 anakhazikitsa lamulo loteteza mpweya. Lero m'matauni ambiri chumuni ikamafuka, khonsolo itha kukulipiritsani chindapusa cha £175 mpaka £300. Wokakunenezani ndi neba yemwe uja amakumwetulirani m'mawa uliwonse. Pamwamba pa izo, chaka ndi chaka mulipire munthu wodzapala mwaye m'chumuni, kuopa kuti ingadzayake usiku. Phulusa lokha ndi laulere, ndipo woola ndinu.

Chopweteka kwambiri n'chakuti mbaula imafunditsa chipinda chimodzi. Pabalaza thukuta kamukamu, kuchipinda chogona kuli zii, ndiye mayi a kunyumba amanyamuka mwakachetechete kukayatsa gasi yemwe uja munkamuthawa. Mwezi ukatha mabilu awiri: la gasi ndi la wankhuni.

Ngati muli ndi bwalo, nkhwangwa, msana wolimba ndi mnzanu wodula mitengo, gulani mbaula, mudzapuladi. Koma ngati nkhuni zanu muzigula timatumba pomwetsera mafuta galimoto, achimwene, ndalamayo kaguleni juzi ziwiri.