Za pa Foni: Amakuonerani Ndani?

Ulendo wa ku Joni

Bambo wina wa ku Area 25 anajambulitsa pa bwalo la ndege la Kamuzu, n'kuponya pa Facebook: "Banja lonse tapita ku Joni, tionana pakatha milungu itatu!" Anzake 200 anamufunira ulendo wabwino. Pobwera anapeza m'nyumba muli mbee, ndi makatani omwe. Pakhoma panali kakalata: "Zikomo potidziwitsa, bwana. Koma rimoti ya TV mumabisa pati?"

Malungo a ku Senga Bay

Mnyamata wina anaimbira abwana ake ndi mawu onjenjemera kuti malungo amugwetsa. Status yake ya WhatsApp anaitchinga bwinobwino kuti abwanawo asaione. Koma mnzake amene anapita naye kunyanja anaika chithunzi chawo pa Facebook, dzina lake lili pomwepo, chambo chili m'manja. Lolemba abwana anamulandira ndi nkhope yachifundo: "Pepa mwana wanga. Chipatala chopereka chambo ndi tchipisichi chili pati? Nanenso mutu ukundiwawa."

Umboni wa pa gulu

Mayi wina analandira ndalama pa Mpamba kuchokera kwa alongo awo. Chimwemwe chitawakwera, anajambula uthengawo, ndalama zotsala zikuonekera, n'kuuika pa gulu la amayi a mpingo: "Mulungu ndi wabwino!" Ola lisanathe, msungichuma wa banki m'khonde anali pakhomo, kope lili m'khwapa. "Nthawi zonse, amayi! Tabwera kudzayamika nanu limodzi."

Chiphaso

Chiyambire 2018, simukhadi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, n'chifukwa chake mbava zimasakasaka ziphaso za eni. Mtsikana wina atalandira chake chatsopano anachiika pa Instagram. Mchimwene wake anamukalipira: "Iwe, zachinsinsi zimenezo!" Iye anati, "Musadandaule achimwene, ndasamala." N'zoonadi anali atasamala: dzina ndi nambala zinali poyera, chala chake chitaphimba chaka chobadwa chokha.

Agogo ndi PIN

Kamberembere wina anaimbira agogo a ku Ntcheu. "Agogo, tikuimba kuchokera ku kampani ya foni. Mwapambana K500,000! Mungotiuza PIN yanu." Agogo anasangalala: "Mwachita bwino kuimba, mwananga. PIN imeneyo ndinaiwala kalekale. Poti ndinu a kampani, tandiuzani inuyo." Foni inaduka. Agogo akudandaulabe kuti achinyamata a masiku ano alibe ulemu.

Langizo laulere

PIN ya ndalama ndiponso manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS sauza munthu, ngakhale atalumbira kuti ndi wa ku MACRA. Zithunzi za ulendo muziika mutabwerako. Lamulo la 2016 lolanga zolakwa za pa intaneti lilipo ndithu, koma madzi akatayika saoleka. Status imafufutika yokha pakatha maola 24. Imene apongozi ajambula n'kusunga mudzaionanso pa mlandu kwa ankhoswe.